Manja Opatsa ndi Manja Olandira: Zaka 100 za Thandizo mu Eklezia wa Kuno



Pa tsiku lalikulu ngati lino nkoyenera kukumbukira amene anafesa mbeu ya chikhulupiriro m'dziko lino. Nkoyeneranso kufunsa funso limene ambiri amachita nalo manyazi: kodi ndalama zomangira matchalitchi, masukulu ndi zipatala zinkachokera kuti, nanga maŵa zidzachokera kuti?

M'chaka cha 1926 Bambo Pedro Calandri, wa chipani cha Consolata chimene Woyera Giuseppe Allamano adachiyambitsa ku Torino mu 1901, anafika ku Mandimba. Mu 1928 anatsegula mishoni ya Massangulo, m'dera limene lero lili boma la Ngauma, pakati pa Ayao amene ambiri mwa iwo anali Asilamu. Pambuyo pake panabadwa mishoni ya Mepanhira mu 1938 ndi ya Mitucue, kufupi ndi Cuamba, mu 1939. Ansembe oyambawo sadabwere ndi chuma chochuluka. Ankadalira zopereka za Akhristu a ku Italy, ambiri a iwo alimi ndi anthu wamba, ndiponso thukuta la anthu a kuno amene anaumba njerwa, kudula mitengo ndi kusenza miyala. Sukulu ya ntchito zamanja ya ku Massangulo, imene inatulutsa akalipentala ndi amisiri ena, inakula pa mizati iŵiri yomweyi.

Chaka chomwecho cha 1926 Papa Pio XI anakhazikitsa Lamulungu la Mishoni, limene limachitika mwezi wa Okutobala chaka ndi chaka. Chopereka cha tsikulo chimapita ku Bungwe Lofalitsa Chikhulupiriro, limene mayi Pauline Jaricot adaliyambitsa ku Lyon mu 1822 posonkhetsa timakobiri kwa anthu ogwira ntchito. Choncho thandizo limene dayosizi yosauka imalandira kuchokera ku Roma ndi timakobiri ta anthu ambiri, ndipo pakati pa timeneto palinso ta Akhristu a ku Mandimba ndi ku Cuamba.

Mu 1940 boma la Portugal linapangana ndi Likulu la Papa, ndipo lamulo la 1941 linaika maphunziro oyamba a ana achikuda m'manja mwa mishoni za Katolika. Boma linkapereka ndalama, koma ndalamazo zinali ndi chingwe: ana ankayenera kuphunzira m'Chipwitikizi ndi kuleredwa monga nzika za Portugal. Ambiri anadziŵa kulemba ndi kuŵerenga m'masukuluwo, ndipo zimenezo nzoyamikika. Koma Eklezia anaoneka ngati mnzake wa atsamunda, ndipo mtengo wa chimenecho unalipiridwa pambuyo pake.

Dziko litalandira ufulu pa 25 Juni 1975, boma latsopano linatenga masukulu ndi zipatala zonse pa 24 Julayi chaka chomwecho. Thandizo la boma linatha, ndipo m'zaka zotsatira ansembe anachotsedwa m'mishoni zambiri. Msonkhano waukulu wa Eklezia umene unachitika ku Beira mu 1977 unasankha njira ya miphakati, imene kuno imatchedwa makomunidade, yoyendetsedwa ndi Akhristu eni ake. Akatekisi ndi akulu a mpingo ankatsogolera mapemphero, kuphunzitsa ofuna ubatizo ndi kuika maliro popanda malipiro. Nkhondo itakula, anthu ambiri anathaŵira ku Malaŵi kudzera ku Chiponde ndi njira zina, ndipo kumeneko anadyetsedwa ndi mabungwe achifundo. Otsala anasunga chikhulupiriro ndi mbale ya ufa ndi nkhuku ya mlendo. M'zaka zimenezo Eklezia analibe chuma chilichonse, komabe sanafe.

Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, mothandizidwa ndi gulu la Sant'Egidio, thandizo lakunja linachuluka. Pa nthaŵi ya Ambuye Luís Gonzaga Ferreira da Silva, amene anatsogolera dayosizi ya Lichinga kuyambira 1972 mpaka 2003, ntchito yomanganso zogumuka inayambika, ndipo mu 1999 Yunivesite ya Katolika inatsegula sukulu ya zaulimi ku Cuamba. Ntchito zotere m'maiko osauka zimachirikizidwa ndi mabungwe monga Caritas, Misereor amene maepiskopi a ku Germany adayambitsa mu 1958, ndi ena otero.

Mkhristu aliyense ayenera kudziŵa m'mene thandizo lotere limayendera, chifukwa umbuli ndiwo umabala miseche. Mphakati ukaona chosoŵa, monga chitsime kapena chipinda cha sukulu, umalemba pempho lofotokoza bvutolo, anthu amene adzapindule, mtengo wa chinthu chilichonse, ndi gawo limene eni ake adzapereke. Pempholo limadutsa kwa Bambo Mfumu wa parishi, ndipo mabungwe ambiri a Katolika salilandira popanda chibvomerezo cha Episkopi. Ndalama zikafika, zimagwira ntchito yokhayo imene zinapemphedwera. Za chitsime sizigula njinga yamoto, ngakhale njingayo ikhale yofunika. Pomaliza pamalembedwa lipoti, pamodzi ndi malisiti onse. Parishi yolephera kulongosola metikali iliyonse imatseka khomo kwa iyo yokha ndi kwa maparishi oyandikana nayo.

Mwambo umenewu ndi wakale ngati Eklezia yemwe. M'kalata yachiŵiri yopita kwa Akorinto, mutu 8 ndi 9, Paulo Woyera akusonkhetsa ndalama za osauka a ku Yerusalemu, ndipo akutumiza abale osankhidwa ndi mipingo kuti ayende nazo limodzi, kuti pasakhale womukayikira. Ngati Mtumwi sadafune kusunga thumba yekha, msungichuma wa mphakati asakwiye pamene Akhristu akumpempha kuŵerenga buku la ndalama poyera.

Pali mabvuto ena aŵiri. Loyamba ndi kuyesa chinthu chopatsidwa ngati cha Bambo Mfumu kapena cha azungu. Pampu ya chitsime imaima chifukwa cha kachitsulo kamodzi kotsika mtengo, amayi nkubwerera kukatunga kumtsinje, mudzi wonse uli kudikira mlendo amene adapita kale. Komiti yosonkhetsa pang'onopang'ono mwezi uliwonse ikadaletsa zimenezo. Lachiŵiri ndi tsankho. Madzi, mankhwala ndi chakudya cha nthaŵi ya njala ndi za aliyense wosoŵa, Mkhristu kapena Msilamu, monga momwe Massangulo inakhalira mwamtendere ndi anansi ake kuyambira pachiyambi.

Mu 2025 boma la America linadula mbali yaikulu ya thandizo lake lakunja, ndipo mabungwe a Eklezia m'maiko ambiri anakhudzidwa. Ku Ulaya nako opita ku tchalitchi akuchepa, ndipo opereka okhulupirika akukalamba. Akulu akale adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Thandizo lakunja lilandiridwe ndi manja aŵiri ndi mtima woyamika, koma maziko a parishi akhale mtulo, chopereka cha Lamulungu, masika a chimanga ndi nyemba, ndi munda wa mphakati.

Zaka 100 zapitazo alimi a kutali, amene sadaonepo phiri la Massangulo, anadzimana kuti Uthenga Wabwino ufike kuno. Zidzukulu za amene anaulandira zili ndi ngongole ya kusunga bwino zimene zapatsidwa, ndi kutambasulira dzanja ena osoŵa koposa. Amayi Maria Consolata, Mtonthozi wa obvutika, apempherere parishi ino ndi onse amene anaithandiza, amoyo ndi akufa.

Atamandike Yesu Khristu.