Makina Odzitchula Dzina Pamwamba pa Phiri

Munthu akafika pakhomo pa mnzake usiku amati odi, ndipo eni nyumba akafunsa kuti ndani, iye amatchula dzina lake. Wokana kutchula dzina samtsegulira chitseko. Mwambo womwewu ulipo pa wailesi, ndipo lero ndifuna kukamba za m'mene makina opanda pakamwa amaphunzitsidwira kuusunga.

M'maiko ambiri alipo anthu amene amalankhulana pa wailesi zao zazing'ono mwa chilolezo cha boma, osati pofuna ndalama, koma pofuna kuphunzira luso ndi kuthandiza pa nthaŵi ya ngozi. Pa Chingerezi amatchedwa ma amateur. Wailesi ya m'manja siponya mau patali, makamaka phiri likatchinga pakati. Chifukwa cha ichi anthuŵa amaika makina otchedwa repeater pamwamba pa phiri kapena pa nsanja yaitali. Makinaŵa amalandira mau pa mafunde ena ndi kuwaponyanso nthaŵi yomweyo pa mafunde ena, kotero kuti anthu aŵiri okhala mbali ziŵiri za phiri amamvana. Pa mafunde a mamita aŵiri, amene kuno ndi ku Ulaya ali pakati pa 144 ndi 146 MHz, khomo loloŵera ndi khomo lotulukira kaŵirikaŵiri zimasiyana ndi 600 kHz.

Tsono vuto ndi ili. Repeater ndi nyumba youlutsira mau yeniyeni, koma palibe munthu wokhala pambali pake. Imagwira ntchito usana ndi usiku, mwini wake ali m'tulo kapena ali ku ntchito. Komabe malamulo a bungwe la ITU, limene linayamba m'chaka cha 1865 ndipo likulu lake lili ku Geneva, amanena kuti wailesi ya amateur izitchula dzina lake loitanira pafupipafupi. Zilembo zoyamba za dzinalo zimasonyeza dziko: 7Q ndi Malaŵi, 9J ndi Zambia, C9 ndi Mozambique, Z2 ndi Zimbabwe. Dzina lonse limaperekedwa ndi oyang'anira mafunde m'dzikomo, monga MACRA ku Malaŵi.

Wina angafunse kuti dzinalo n'lofunikiranji. Makina amakalamba, mvula imaloŵa m'zingwe, mphezi imaomba mlongoti. Repeater ikaonongeka ingathe kutayikira m'mafunde a ena ndi kusokoneza uthenga wao, ngakhale wa anthu opulumutsa miyoyo. Ngati imadzitchula dzina, wosokonezedwayo amadziŵa woti amuuze, ndipo mwini wake amaizimitsa tsiku lomwelo. Ngati ilibe dzina, anthu amayendayenda ndi zipangizo kufunafuna kumene phokoso likuchokera. Dzinalo ndi umboni wakuti alipo munthu wovomera kusenza mlandu wa makinawo.

Njira yakale, imene ikugwirabe ntchito, ndiyo ya zizindikiro za Morse, kulira kwakufupi ndi kulira kwakutali. Kulira kwakutali kumatenga nthaŵi ya kwakufupi katatu. Nambala 7, mwachitsanzo, ndi kwakutali kaŵiri ndi kwakufupi katatu. Poyamba amisiri ankasema mano pa gudumu laling'ono lozunguzidwa ndi mota, ndipo manowo pogunda kachitsulo ankatulutsa dzinalo. M'zaka za m'ma 1970 kunafala timatabwa ta magetsi pamene mmisiri ankalumikiza madiode mwa dongosolo la zilembozo. Dzina likasintha, kunali kumatula ndi kulumikizanso. Pambuyo pake kunabwera makina olamulira okhala ndi ubongo wa kompyuta, ndipo masiku ano ambiri amagwiritsa ntchito kakompyuta konga Raspberry Pi, kamene kanatuluka m'chaka cha 2012. Dzina limangolembedwa, ndipo lingathe kumveka mwa Morse kapena mwa liu la munthu lojambulidwa.

Munthu wokonza makinaŵa ayenera kusamala zinthu zinayi. Choyamba ndi dzina lenilenilo, kuti likhale lomwe lili pa chiphaso. Chilembo chimodzi chikalakwika, mlandu umagwera munthu wosalakwa. N'kwanzeru kuitana mnzanu wodziŵa Morse kuti amvetsere ndi kulemba chimene wamva, inu musanamuuze.

Chachiŵiri ndi nthaŵi. Dziko lililonse lili ndi lamulo lake, ndipo muyenera kuŵerenga chiphaso chanu. Ku America lamulo limati dzina limveke mphindi 10 zilizonse pamene anthu akulankhulana, ndiponso pomaliza. Amisiri osamala amatchera wotchi pa mphindi 9, kuti makina apeze mpata nthaŵi isanathe. Makina akakhala chete nthaŵi yaitali ndipo wina waitana, amadzitchula dzina poyamba. Anthu akatsanzikana, amadzitchulanso kamodzi, kenaka amakhala chete.

Chachitatu ndi liŵiro ndi kukula kwa liu. Lamulo la ku America lomwelo limaletsa makina odzitchula okha kupitirira mau 20 pa mphindi. Pa liŵiro limenelo kulira kwakufupi kumatenga magawo 6 mwa magawo 100 a sekondi, ndipo dzina lonse limatha m'masekondi oŵerengeka. Dzina lothamanga kwambiri moti palibe wolimva n'chimodzimodzi ndi kusatchula konse. Liu lake likhale lomveka bwino, koma lotsikirapo kusiyana ndi mau a anthu.

Chachinayi ndi ulemu. Mwana woleredwa bwino sadula akulu pakamwa. Makina okonzedwa bwino amadikira kuti wolankhula amalize, ndipo amadzitchula dzina mumpata umene watseguka. Wolankhulayo akatalikitsa mpaka nthaŵi ya lamulo yakwana, makina amatchula dzinalo mwa Morse chapansipansi, mau a munthu akumvekabe pamwamba. Ichi si chinthu chaching'ono. Taganizani munthu akupempha chithandizo pa nthaŵi ya madzi osefukira, ndipo pamene akutchula mudzi umene ali, liu lojambulidwa lamdula. Amene amayenera kumthandiza ataya mau ofunika koposa onse.

Mukamaliza zonsezi musafulumire kutsika phiri. Zimitsani magetsi ndi kuwayatsanso, muone ngati makina akukumbukirabe dzina ndi nthaŵi. Kenaka khalani ndi wotchi m'manja kwa ola lathunthu, anzanu akulankhulana, ndipo muŵerenge nokha ngati dzina likubwera pa nthaŵi yake. Ola limenelo lidzakupulumutsani ulendo wokweranso phiri m'nyengo ya mvula.