Ndalama za pa Mlungu Zimaulula Chuma cha Dera

Nkhani yokambidwa kwa aphunzitsi ndi eni midzi ya m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota

Mlimi akafuna kudziwa ngati mvula ili pafupi amayang'ana mitambo, ndipo msodzi asanakankhe bwato amayamba wamvetsera mphepo. Chomwechonso ilipo njira yodziwira ngati chuma cha dera chikukwera kapena chikutsika. Njirayo ndiyo kufunsa ndalama zimene anthu otumikira anzawo amapeza pa mlungu.

Anthu ameneŵa salima za malonda ndiponso sapha nsomba. Iwoŵa ndi akabaza, atelala, ometa tsitsi, amayi ophika nsima pa msika, onyamula katundu pa depoti, ndi antchito a m'nyumba zogona alendo. Ndalama yawo imayamba yadutsa m'thumba la munthu wina. Munthu akakhala ndi njala sapita kukameta, ndipo amene alibe kanthu amayenda pansi osakwera njinga. Chifukwa chake wometa ndi wakabaza ndiwo amayamba kudziŵa kuti m'mudzi mwaloŵa ndalama kapena mwauma.

Ku Nkhotakota ndalama imeneyi ili ndi magwero anayi. Loyamba ndi nyanja. Usipa ndi utaka zikafa bwino, alovi amadyera pa msika ndipo akabaza sapuma pa njira ya ku dooko. Koma mwera ukawomba m'miyezi ya June ndi July, kapena boma likatseka makoka ena mu November ndi December kuti chambo chiswane, miphika ya amayi ophika aja imachepa. Lachiŵiri ndi mpunga wa m'madambo, umene umakololedwa cha mu May ndi June. Imeneyo ndiyo nyengo imene makina a telala amalira mpaka madzulo. Lachitatu ndi nzimbe za ku Dwangwa, kumene fakitale ya shuga idayamba ntchito mu 1979. Kudula nzimbe kumachitika m'chilimwe, ndipo kukaleka nthaŵi ya dzinja msika wa pa Dwangwa nawo umazizira. Lachinayi ndi alendo. Nkhalango ya nyama ya Nkhotakota idaperekedwa m'manja mwa bungwe la African Parks mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 idalandira njovu pafupifupi 500 zochokera ku Liwonde ndi ku Majete. Alendo odzaona nyamazo ndi nyanja amapatsa ntchito ophika, ochapa ndi alonda.

Tsono pali msampha umodzi wofunika kuupeŵa. Kuchuluka kwa makwacha sikutanthauza kuti munthu walemera. Mu November 2023 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo mitengo ya zinthu idakwera. Mu 2024 boma lidakweza malipiro ochepetsetsa a wantchito kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pa mwezi, koma wakabaza ndi wometa wodziimira payekha alibe bwana woti awakwezere. Choncho muyeso woona ndi chimanga. Ngati ndalama za wometa za pa mlungu zinkagula ndowa zitatu chaka chatha, koma chaka chino zikugula ziŵiri, munthuyo wasauka, ngakhale ndalama zimene wagwira zikhale zambiri kuposa kale.

Ofesi ya boma yoŵerengera anthu ndi chuma ili ku Zomba, ndipo kalembera wake wa 2018 adapeza anthu oposa 390,000 m'boma la Nkhotakota. Koma ntchito yaikulu chotere sichitika mwezi ndi mwezi, pamene njala siidikira kalembera. Apa ndipo aphunzitsi angathandize. Mphunzitsi atenge kope limodzi, apemphe anthu asanu a ntchito zosiyana pa msika wapafupi kuti Loŵeruka lililonse azimuuza zimene apeza, osalemba maina awo, ndipo pambali pake alembe mtengo wa ndowa ya chimanga. Ana a sukulu aphunzirapo masamu enieni. Kuona maso a nkhono n'kudekha: kopelo silinena kanthu mwezi woyamba, koma pakutha chaka lidzaonetsa miyezi yonona ndi miyezi yowonda.

Phindu lake nlalikulu. Wofuna kutsegula okala adzadziŵa mwezi woyenera kuyamba. Gulu la banki mkhonde lidzadziŵa nthaŵi yosonkhetsa ndi nthaŵi yoleza mtima. Mfumu ndi komiti ya chitukuko akaona kuti ndalama zatsika milungu yambiri motsatizana pa nyengo imene zimayenera kukwera, angakauze a kwa DC msanga, ali ndi umboni m'manja. Ndipo wakabaza mwini wake, podziŵa kuti January ndi February akubwera, adzasungako za m'nyengo ya mpunga m'malo mokagwa m'manja mwa akatapila.