Bambo João dos Santos ndi Buku Lake la Mbiri

Popeza lero ndi tsiku lokumbukira zakale, ndati ndikuuzeniko za wansembe wina amene analemba mbiri ya maiko a kuno amishoni asanafike pa nyanja yathuyi.

Dzina lake ndi Bambo João dos Santos, Mpwitikizi wa ku Évora, wa chipani cha Dominiko Woyera. Anafika ku Sofala, m'dziko la Mozambique, m'chaka cha 1586. Atakhala kumeneko zaka pafupifupi zinai, anakwera mtsinje wa Zambezi kufikira ku Sena ndi ku Tete. Buku lake lotchedwa Ethiopia Oriental linasindikizidwa kwao ku Évora mu 1609, ndipo mwini wakeyo anamwalira ku Goa, m'dziko la India, mu 1622.

Zimene anaziona ndi maso ake anazilemba bwino ndithu: kaweruzidwe ka milandu ndi mwabvi, mvuu ndi ng'ona za m'mitsinje, ngakhalenso mbira, choimbira chonga kalimba, chimene iye anachikonda mamvekedwe ake.

Koma tikafika pa nkhani ya Azimba, pamenepo tiwerenge mochenjera. Ankhondo amenewa, amene akatswiri ena a mbiri amati anali a Lundu, mfumu ya Amang'anja a ku chigwa cha Shire, anagonjetsa Apwitikizi a ku Sena ndi Tete mu 1592, naphanso wansembe mnzake, Bambo Nicolau do Rosário. Apo n'kuti Bambo dos Santos atachokako kale ku Tete. Nkhaniyi anachita kuimva kwa a mbali yogonjayo, ndipo analemba kuti Azimba anali odya anthu. Nanga amai, munthu amene wathamangitsidwa pa nkhondo angamnenere zabwino womthamangitsayo? Komabe mau aja anakhazikika m'mabuku kwa zaka mazana, pamene Azimbawo palibe anawafunsa mbali yao.

Tsono tibwere kwathu. Cha m'nyengo yomweyo, cha m'ma 1600, Kyungu woyamba anakhazikika pa phiri la Mbande kuno ku Karonga. Bambo dos Santos sanapondeko kuno, kotero mbiri ya Ankhonde inasungidwa pakamwa pa akuluakulu okha, agogo kuuza adzukulu. Godfrey Wilson anadzailemba mu 1939, ndipo Owen Kalinga anatulutsa buku lake la ufumu wa Ankhonde mu 1985. Onse awiriwa anayamba akhala pansi ndi eni ake n'kuwafunsa.