Wogwira ntchito m'boma akamukankhira munthu ku imfa

A wapampando, a DC ndi akuluakulu a m'maofesi a boma lino la Vubwi, nduna ndi anyakwawa a dziko la Mfumu Pembamoyo, atsogoleri a mipingo, aphunzitsi, anamwino, apolisi, amayi ndi abambo, ndi inu ana athu a sukulu: 

Lero ndi pa 10 Sepitembala, tsiku limene maiko anapatula kuti tizikambirana poyera za kudzipha. Bungwe la WHO likuti anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse, ndipo tikayerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, chigawo cha Africa ndicho chili patsogolo. Za matenda a maganizo, za mowa ndi za ngongole za kaloba, a zaumoyo akudziwa kuposa ine. Mbali yanga ikukhudza ifeyo amene timalandira malipiro ochokera ku misonkho yanu. Munthu akadzipha chifukwa cha zimene wamuchitira wa mu ofesi, wapolisi kapena mkulu wake wa pantchito, kodi lamulo limamugwira wochita nkhanzayo?

Kuno ku Zambia tili ndi lamulo la mu 1967 lotchedwa Suicide Act, chaputala 89 cha malamulo athu. Lamuloli linathetsa zoti kudzipha ndi mlandu. Ndikufuna anyakwawa mukanene zimenezi m'midzi, chifukwa alipo makolo amene amabisa mwana m'nyumba atayesa kudzipha, kuopa kuti akapita naye kuchipatala amangidwa. Thamangani naye kuchipatala. Lamulo lomwelo limati amene wanyengerera mnzake kuti adziphe, kumulangiza mpaka wachitadi, kapena kumuthandiza, wapalamula mlandu waukulu wa kundende. Mulibe mawu opatula wovala yunifolomu kapena wosunga chidindo. Kalaliki, ofisala, hedi wa sukulu, onse amaweruzidwa ngati wina aliyense.

Koma ndisakunamizeni kuti mlandu wotere ndi wosavuta kupambana. Khoti limafuna umboni woti woimbidwa mlanduyo ankafunadi kuti mnzakeyo afe, kapena anamukankhira dala. Ku India, kumene milandu yotere imafika kawirikawiri m'makhoti, lamulo lawo limapereka zaka zofika 10 kundende. Komabe mu 2010 khoti lawo lalikulu linathetsa mlandu wa Madan Mohan Singh, mkulu wa pantchito amene dalaivala wake anamutchula m'kalata yomwe anasiya asanafe. Oweruza anati kukalipira wantchito kapena kumusintha ntchito si umboni woti unkafuna imfa yake. Pamenepo ine ndimagwirizana nawo. Mkulu wa ntchito ayenera kudzudzula pomwe palakwika, wapolisi ayenera kugwira wakuba, ndipo munthu sadzipha pa chifukwa chimodzi chokha. Kalata ya womwalira siingamangitse munthu payokha.

Chimene chimandivutitsa mtima n'chakuti ambiri a ife tikamva zimenezi timapuma, n'kumati ndiye kuti tilibe mlandu.

Taganizirani mayi wamasiye wochokera kumalire, kaya a Malawi kaya a Mozambique. Wadzuka tambala woyamba, wabwereka ndalama ya njinga yamoto, mapepala a malemu mwamuna wake wawakulunga m'pulasitiki kuopa mvula. Wakhala pabenchi kuyambira m'mawa, mwana kumsana. Dzuwa litapendeka, wa pa windo osadzutsa n'komwe mutu akuti, "Fayilo sikuoneka, mubwere sabata yamawa." Abweranso, amuuza kuti bwana ali kumsonkhano. Ulendo wotsatira amunong'oneza kuti fayilo imayenda ndi kangachepe. Kunyumba wa kaloba watenga kale mbuzi. Sindikuloza ofesi ina iliyonse pano, koma ndikuona mitu ikugwedezeka. Palibe amene wamuuza mayiyu kuti akadziphe, ndipo lamulo la mu 1967 silingagwire aliyense. Koma zikachitika zoipa, wa pa windo uja adzabwera kumaliro, adzakhala pansi ndi anzake, n'kumadabwa kuti kodi mayiwa chinawavuta n'chiyani.

Chimodzimodzi mnyamata amene wagwidwa pa nkhani ya nkhuku n'kuuzidwa usiku wonse m'selo kuti akaolera kundende. Chimodzimodzi mtsikana amene mphunzitsi wamupatsa mimba n'kumuopseza kuti akangoulula, mayeso salemba. Chimodzimodzinso wantchito wamng'ono amene bwana wake amamunyoza pamaso pa anthu tsiku ndi tsiku.

Ku Tunisia, m'tauni ya Sidi Bouzid, kunali mnyamata wa zaka 26, Mohamed Bouazizi, wogulitsa zipatso pangolo. Pa 17 Disembala 2010 a khonsolo anamulanda katundu ndi sikelo yake. Anapita ku ofesi ya bwanamkubwa kukadandaula, koma sanamulole kuonana ndi aliyense. Anadzivulaza pakhomo pomwepo, n'kumwalira pa 4 Januwale 2011. Masiku khumi pambuyo pake pulezidenti wa dzikolo, Ben Ali, anathawa chifukwa cha mkwiyo wa anthu. Ofisala wa khonsolo amene anthu ankamuloza chala anamasulidwa chaka chomwecho. Ana athu, musamve ngati ndikutama zimene anachita mnyamatayu. Mayi ake anataya mwana, ndipo palibe chinamubweza. Ine chimandiwawa ndi chitseko cha ofesi ija. Akanangopezeka munthu mmodzi womupatsa mpando ndi kumumvera, mwina bwenzi ali moyo.

A ku France anapeza njira ina. Kampani ya matelefoni ya France Télécom, imene kale inali ya boma ndipo antchito ake ambiri anali olembedwa ndi boma, inafuna kuchotsa anthu 22,000. Poti sakanatha kungowachotsa, mabwana anayamba kuwasamutsasamutsa ndi kuwazunza kuti atope okha. M'zaka za 2008 ndi 2009 antchito 35 anadzipha. Mu Disembala 2019 khoti la ku Paris linapeza wolakwa mkulu wa kampaniyo, Didier Lombard, ndi anzake. Silinawaweruze pa mlandu wothandiza kudzipha ayi. Linawaweruza pa nkhanza zimene anazikonza dala. Ndimaona kuti ifenso tiyenera kuyang'ana komweko: nkhanzayo payokha ndi mlandu, ndipo sitiyenera kudikira maliro kuti tiitchule.

Malamulo ake tili nawo kale. Lamulo lolimbana ndi ziphuphu la mu 2012 limati kugwiritsa ntchito udindo molakwika ndi mlandu, ndipo wopempha kangachepe uja mungathe kumunenera ku Anti-Corruption Commission. Kuyambira mu 2016 tili ndi ofesi ya Public Protector yofufuza madandaulo a anthu amene maofesi a boma awachedwetsa kapena kuwalakwira, ndipo simulipira kanthu. Wapolisi akakuzunzani, kuli Police Public Complaints Commission. Za mtsikana uja, ku polisi kuli Victim Support Unit. Munthu akafera m'selo, ngakhale atati wadzipha yekha, lamulo limafuna kuti majisitireti afufuze za imfayo poyera, ndipo abale muli ndi ufulu wokhalapo. Musalole kuti mtembo ungoperekedwa usiku ndi thumba la ufa lopepesera. Banja lingathenso kusumira boma lenilenilo kudzera mwa Attorney General.

Ndikudziwa kuti ena mwa maofesi amenewa ali kutali, ku Chipata kapena ku Lusaka. N'chifukwa chake umboni uyambire kumudzi. Lembani tsiku limene munapita, dzina la amene munalankhula naye, ndi zimene anakuuzani. Musapite nokha. Anyakwawa ndi abusa, perekezani anthu anu, chifukwa wa pa windo amasintha kalankhulidwe akaona mboni.

Boma la Vubwi linadulidwa ku Chadiza mu 2012 kuti anthu asamayende mtunda wautali pofuna thandizo. Anzanga ogwira ntchito m'boma, amene akuima pa windo lanu ndi anthu omwe mumapemphera nawo ndi kugula nawo tomato pamsika. Ndikudziwa kuti inunso mumagwira ntchito movutika, ndipo ena mwa inu mumasenza zolemera zimene simuuza munthu. Lamulo la za umoyo wa maganizo la mu 2019 linalembedwera inunso. Koma munthu akanena pamaso panu kuti "bola ndingofa", musaseke, ndipo musayerekeze kumuyankha kuti "kafe". Mawu amenewo ndi omwe angakuimitseni pamaso pa woweruza. Siyani cholembera, mukhazikeni pansi, itanani namwino kapena m'bale wake. Nambala za Lifeline/Childline Zambia ndi zaulere: 116 ya ana, 933 ya akuluakulu.

A DC, ndili ndi pempho limodzi. Pakhomo pa ofesi iliyonse m'boma lino pakhale chikwangwani cha m'Chichewa cholembapo nambala ziwirizi, masiku amene fayilo iyenera kutenga, ndi kumene munthu angakadandaule ngati masikuwo apitirira. Ndipo tikakumananso pa 10 Sepitembala chaka chamawa, mudzatiwerengere madandaulo amene analandiridwa ndi amene anayankhidwa.

A wapampando, ndi mawu amenewa ndatsegulira mwambo wa lero.