Mvula Yosaoneka ndi Msampha wa M'madzi Oundana

(Mau olankhulidwa kwa aphunzitsi a sukulu za ku midzi pa msonkhano wao ku Kabwe)

Aphunzitsi amene asonkhana ku Kabwe kuno akhala pamwamba pa mgodi. Kuyambira masiku aja dzina la malo ano linali Broken Hill kufikira caka ca 1994, amuna ankatsika pansi kukakumba mtobvu ndi zinki, ndipo mwana wa kuno adziwa kuti kunsi kwa thanthwe kulibe dzuwa kapena mvula. Komatu iripo mvula yina imene thanthwe siliiletsa msanga, ndiyo nkhani ya lero.

M'caka ca 1912 Victor Hess wa ku Austria anakwera m'baluni kufikira mamita 5,300, atanyamula cipangizo coyesera mphamvu ya magetsi mu mpweya. Anthu ophunzira ankayesa kuti mphamvuyo icokera m'nthaka, ndi kuti munthu akakwera idzacepa. Hess anapeza kuti icuruka. Cifukwa cace gwero lace liri kumwamba. Pambuyo pace inachedwa dzina lakuti cosmic rays, koma si kuunika iai: ndi tizidutswa ta maatomu, tambiri ta mtundu wa proton, tothamanga pafupi ndi liwiro la kuunika. Tikagunda mpweya wa kumwamba tiswa maatomu ena, ndipo zibenthu zace zigwa pansi usana ndi usiku. Cibenthu cimodzi, dzina lace muon, cipyola pa cikhatho ca munthu ngati kamodzi pa sekondi iri yonse, iye osamva kanthu.

Mwana wocenjera adzafunsa kuti, Nanga ticokera kuti? Mphunzitsi asacite manyazi, pakuti funso lomwelo labvuta akatswiri zaka zoposa 100. Tizidutswato tiri ndi mphamvu ya magetsi, tsono maginito a m'mlengalenga atikhotetsa pa njira. Tifanana ndi mlendo wofika pa mudzi atazungulira m'chire: mbali imene walowera siisonyeza kwao. Koma kumene tizidutswato tigundana ndi zinthu zina kubadwa kanthu kena, neutrino, kopanda mphamvu ya magetsi. Iko sikakhota. Bvuto lace ndi lakuti kakhoza kupyola dziko lonse lapansi osakhudza kanthu, ndipo kukakola nkwapatali.

Apa mbiriyi ifika pafupi ndi kwao kwa ana a sukulu. Wofuna neutrino ayenera kubisala pansi penipeni, kumene mvula ya muon icepa. Mwa ici Frederick Reines wa ku America ndi Friedel Sellschop wa ku yunivesite ya Witwatersrand anaika zipangizo zao mu mgodi wa golidi wa East Rand ku Boksburg, mamita oposa 3,000 kunsi kwa nthaka. Pa 23 February 1965 anakola neutrino yobadwa mu mpweya wa dziko lino, ndipo caka comweco ena anacita comweco m'migodi ya Kolar ku India. Migodi ya ku Joni ndiyo ija kunkapita amuna a ku Malawi ndi a kuno pa ulendo wa Wenela. Mabuku achula maina a akatswiri okha, koma dzenjelo linakumbidwa ndi anthu a fosholo, ndipo kuyenera kuti ana auzidwe zimenezi.

Msampha waukuru uli ku South Pole, m'dziko la Antarctica, ndipo dzina lace ndi IceCube. Ana a ku midzi adziwa madzi oundana poona matalala. Tsono aganize za matalala ogwirana kukhala thanthwe limodzi lakuya pafupi makilomita 3. Anthu otsogozedwa ndi Francis Halzen wa ku yunivesite ya Wisconsin anaboola maenje 86 ndi madzi otentha, natsitsira m'dzenje liri lonse cingwe ca maso a galasi 60. Maso onse ndi 5,160, okhala pakati pa mamita 1,450 ndi 2,450 kunsi. Madzi anaundananso, ndipo palibe diso limene lingaturutsidwe kukakonzedwa. Nchitoyi inatha mu December 2010.

Kunsiko kuli mdima wa ndiwe yani, ndipo madzi oundanawo ngoyera mbee. Mwa kamodzikamodzi neutrino igunda atomu, nituruka muon yothamanga koposa umo kuunika kuyendera m'madzi oundana. Pamenepo pang'anima kuwala kobiriwira ngati thambo. Diso liri lonse lilemba nthawi imene kuwalako kwalifikira, ndipo pa kulinganiza nthawizo akatswiri aona njira imene neutrino inadzera. Codabwitsa ndi cakuti zambiri zimene azikhulupirira zidzera pansi, zitapyola dziko lonse, pakuti muon wamba sangathe ulendo wotere.

Mu 2013 analengeza kuti akola maneutrino 28 amphamvu kwambiri, ndi kuti ena mwa iwo acokera kunja kwa dzuwa ndi maiko ace. Pa 22 September 2017 inakodwa imodzi imene njira yace inaloza ku mlalang'amba wakutali, TXS 0506+056, umene kuunika kwace kuyenda zaka ngati 4 biliyoni kuti kufike kuno. Mu 2023 anaonanso maneutrino ocokera mu mlalang'amba wa dzuwa lino. Gwero la cosmic rays zamphamvu koposa likali kufunidwabe.

Sukulu ya ku mudzi iribe cipangizo coonetsera zinthu izi, koma iri ndi thambo lopanda nyali za m'tauni. Madzulo a December kapena January, mitambo ikacoka, mphunzitsi aturutse ana pa bwalo nawaonetse Akamwiniatsatana, nyenyezi za Orion, zirikuturuka kum'mawa. Neutrino ya 2017 inacokera ca kumeneko, pafupi ndi nyenyezi yochedwa Bellatrix. Atatero, ana atambasule zikhatho zao, nawerenge masekondi 60.