KUSINTHA PHASO NYUMBA IRI CIIMIRE
Mau kwa eni malonda a ku Lundazi

Anthu ambiri a ku Lundazi amene agwira nchito ku migodi ya Kitwe, Chingola ndi Mufulira, kapena m'tauni ya Lusaka, aika ndarama zao m'malonda a kwao. Wina ali ndi sitolo ya mbeu ndi feteleza pa Boma, wina ali m'bungwe logula nshawa, soya ndi mpendadzuwa kwa alimi a kwa Mwase, a ku Lumezi ndi a ku Chasefu. Kale zonse zinali kulembedwa m'buku lalikulu la kalaliki. Masiku ano ena asunga maina a alimi, ngongole ndi ciwerengero ca matumba m'pulogaramu ya pa intaneti, kotero kuti mwini wace ali ku Kitwe atha kuona pa foni zimene zagulidwa tsiku lomwelo.

Tsono lifika tsiku limene mmisiri amene anapanga pulogaramuyo auza mwini malonda kuti iyenera kusamutsidwa, ndipo achula mtengo. Mwini malonda adabwa, pakuti pulogaramu ikali kugwira nchito bwino lomwe. Kodi mmisiriyo afuna kungodya ndarama? Kawirikawiri iai.

Mmisiri sapanga pulogaramu yonse yekha. Aimanga pa cimango cimene anakonza anthu ena a kutali, cimene amisiri acichula kuti framework. Cimango cimeneci ciri monga nsici, mizati ndi phaso za nyumba. Mwini nyumba aona zipupa zozira bwino ndi udzu wa pa tsindwi, koma cimene cigwira zonsezo ndi mitengo ya m'kati. Eni cimango acikonza nthawi ndi nthawi, natseka ziboo zimene mbala zingalowerepo. Koma patapita zaka atulutsa cimango catsopano, nalengeza tsiku limene adzaleka kusamala cakale. Python 2 inasiyidwa pa 1 January 2020, AngularJS pa 31 December 2021, ndipo Drupal 7 pa 5 January 2025. Pulogaramu yomangidwa pa zimenezi siigwa tsiku lomwelo, koma kuyambira pamenepo ciswe cikalowa m'mitengo eni cimango sabweranso kudzacicotsa.

Kunyalanyaza kuli ndi mtengo wace. M'caka ca 2017 kampani ya Equifax ku America inacedwa kutseka ciboo m'cimango cochedwa Apache Struts, ngakhale cotsekera cace cinali citatuluka m'mwezi wa March. Mbala zinalowa, nizitenga mbiri ya anthu pafupifupi 147 miliyoni. Sitolo ya ku Lundazi ndi yaing'ono, koma nayonso isunga manambala a zitupa ndi a foni za alimi, ndipo mbala za pa intaneti sizisankha khomo. Ziyesa liri lonse losatsekedwa. Palinso cina: m'caka ca 2024 a Zambia Revenue Authority analamula amalonda olipira VAT kuti malisiti ao adzere mu Smart Invoice, ndipo pulogaramu yokalamba ibvuta kuilumikiza ndi makonzedwe atsopano otere.

Komanso kuthamanga sikufika. Mu April 2018 banki ya TSB ku Britain inasamutsa maakaunti a anthu ace onse pa Loweruka ndi Sabata limodzi. Anthu ambirimbiri analephera kufika pa ndarama zao masiku ambiri, mkulu wa bankiyo anasiya nchito mu September, ndipo mu 2022 bankiyo inalipitsidwa mapaundi oposa 48 miliyoni.

Njira yabwino anthu a m'dziko lino anaiona ndi maso ao pamene Kwacha inasinthidwa. Boma linalengeza nkhaniyo mu January 2012, patatsala pafupifupi caka cathunthu. Ndarama zatsopano zinatuluka pa 1 January 2013, K50,000 inasanduka K50, koma zakale sizinatayidwe tsiku lomwelo. Zonse ziwiri zinayenda pamodzi kufikira pa 30 June, ndipo m'masitolo mitengo inalembedwa pawiri, kuti mai wogula mcere aone yekha kuti sanabedwe. Mwini malonda acite cimodzimodzi ndi pulogaramu yace.

Coyamba, afunse mmisiri dzina la cimango, nambala yace, ndi tsiku limene cidzasiyidwa, nalembe zimenezi m'buku. Ndarama za nchitoyo aziike pambali pang'ono pang'ono, monga acita ndi za malata a nyumba.

Caciwiri, asankhe nyengo. Ku Lundazi malonda a mbeu akula kuyambira May kufikira September, ndipo a feteleza akula mvula ikayandikira. Munthu sasasula tsindwi mitambo itada. Miyezi ya February ndi March, pamene mbeu ziri m'munda ndipo pa sikelo palibe mzere, ndiyo yoyenera.

Cacitatu, zolembedwa zonse zikopedwe ndi kusungidwa pa malo ena nchito isanayambe, ndipo ngongole za alimi zisindikizidwenso pa pepala. Mmisiri aonetse poyera kuti zokopedwazo zitha kubwezedwa.

Cacinai, pulogaramu yatsopano iyende pamodzi ndi yakale masabata angapo. Madzulo ali onse kalaliki afanizire ziwerengero za ziwirizo. Zikasiyana ngakhale ndi ngwee imodzi, cifukwa cace cipezeke. Iyesedwenso pa foni yochipa ndi kumidzi kumene netiweki ibvuta, pakuti cimene ciyenda bwino ku Lusaka cingakane kutseguka ku malo ogulira mbeu a ku Chasefu.

Cacisanu, mmisiri asinthe cimango cokha. Eni malonda ambiri akonda kunena kuti, popeza nyumba yasasulidwa, aonjezepo zipinda. Potero cinthu cikalakwika palibe adziwa ngati colakwa ciri m'cimango kapena m'zoonjezazo. Zokhumba zatsopano zidikire.

Cotsiriza, pangano lilembedwe: makiyi onse a pulogaramu akhale m'manja mwa mwini malonda kapena a komiti ya bungwe, ndipo gawo lotsiriza la malipiro liperekedwe ziwerengero zitagwirizana.

Mlimi amene wapereka matumba 20 a nshawa pa ngongole sadziwa kanthu za Python kapena Drupal. Iye adziwa kuti dzina lace linalembedwa, ndi kuti ndarama zace zidzabwera ana asanabwerere ku sukulu. Dzina limenelo likasowa m'kusamukako, caka ca mawa adzapita ndi nshawa zace kwa wogula wina, ndipo anansi ace adzamtsata.