Mwana wa Ng'ona Sakulira Dziwe Limodzi

Ndaimirira ndi funso limene likuzunguza makolo ambiri masiku ano: kodi mwana timulole kuyenda yekha kufika pati?

Ndaphunzitsa kusekondale zaka zoposa 25, ndipo pali ana awiri amene sindiwaiwala. Tsiku lina lotsekera sukulu, dzuwa litapendeka, ndinapeza mnyamata wa Fomu 3 atakhalira sutikesi pachipata, misozi ikulengeza. Galimoto yakwawo sinabwere. Ndalama anali nazo m'thumba, siteji inali pafupi, koma chibadwire anali asanakwereko minibasi yekha. Kusukulu ina ndinali ndi mtsikana amene ankanyamuka kwawo tambala atangolira, n'kudutsa yekha m'dambo kukanali mdima. Woyambayo makolo anamutsekera m'mpanda, wachiwiriyo anamutayirira. Onsewo tinawalakwira.

Makolo athu akale ankapereka ufulu pang'onopang'ono, monga momwe mayi amaletsera mwana kuyamwa. Kamwana kankayamba kusewera pakhomo, mlezi ali pambali. Kakasinkhuka kankalowa m'masanje: pambuyo pokolola ana ankamanga timisasa ta mapesi kunja kwa mudzi, nakunkha chimanga chotsala m'minda, nasonkha moto, naphika okha. Akuluakulu sankalowererapo, komabe utsi ankauona, phokoso ankalimva, ndipo nsima ya kumasanje ankailawa. Mnyamata ankayamba ndi mbuzi kuseri kwa mudzi asanapatsidwe ng'ombe zopita nazo kudambo. Kumeneko anzake okulirapo ankamusonyeza dziwe losasambamo, una wa mbewa ndi dzenje la njoka, masuku ndi matowo odyedwa, ndi zipatso zakupha. Atsikana kunkhuni ndi kumadzi ankapita m'gulu. Lamulo linali lodziwika kwa onse: nkhuku zikamalowa m'khola, mwana aliyense akhale atafika. Ndiye ufulu unalipo, koma unali ndi msinkhu wake, anzake oyenda nawo, ndi nthawi yake yobwerera.

Sindikukana kuti dziko lasintha. Pa kalembera wa 1966 m'Malawi munali anthu pafupifupi 4 miliyoni. Pa kalembera wa 2018 tinapitirira 17 miliyoni. Madambo osewerako asanduka minda ndi mapuloti. Msewu wa M1 umadutsa pakati pa misika ndi pafupi ndi sukulu zambiri, ndipo njinga zamoto za kabaza zafika ndi m'tinjira tam'mudzi momwe. Kuyambira cha m'ma 2014 tamva za nkhanza zochitira abale athu achialubino, kuphatikizapo ana. Namondwe wa Freddy m'mwezi wa March 2023 anatikumbutsa kuti kamtsinje kowoloka ndi mapazi m'mawa kangathe kukokolola munthu madzulo. Kholo lochita mantha lili ndi zifukwa zomveka.

Koma mpanda suphunzitsa mwana kuwoloka msewu. Tsiku lidzafika lakuti adzatuluke inu kulibe, ndipo adzakumana ndi zonsezi ali mbuli. Tsono ndikupempha zinthu zitatu. Choyamba, yendani naye njirayo kaye. Musonyezeni powolokera, khomo loti athawireko zikavuta, ndi malo osayenera kuima. Kenaka mulekeni atsogole inu muli m'mbuyo, ndipo mukakhutira, apite ndi anzake. Chachiwiri, onjezerani mtunda molingana ndi nzeru zimene waonetsa: lero kugolosale, mawa kuchigayo, m'tsogolo ulendo wa basi kwa agogo. Aloweze pamtima nambala ya foni ya kholo, adziwenso 116, nambala yaulere yothandiza ana. Chachitatu, tisatume mwana, makamaka wamkazi, ulendo wa mumdima umene ife eni sitingauyende tokha. Kumeneko si kumulimbitsa mtima ayi.

Mafumu athu, chimene chinkateteza ana kale chinali maso a mudzi wonse. Mayi wa kuchitsime ankafunsa mwana aliyense kumene akupita, ndipo kholo silinkakwiya nazo. Lero timati za eni n'za eni. Tibwezeretse mawu aja akuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, tisungirenso ana bwalo losewerera pamene tikugawa malo. Tikatero ana athu adzayenda, nadziwa dziko lawo, nabwerera kwawo amoyo.